Failo ndi mudzi: njira ziwiri zobwerezera mlandu wopha mnzako wa m'banja

Msewu wochokera ku Chitakale, wodzera pa Phalombe ndi pa Jali kukathera ku Zomba, umasenza zambiri: matumba a nandolo ndi mpendadzuwa, madengu a matemba a ku Chilwa, ana asukulu, odwala. Umasenzanso anthu ena amene m'galimoto amangokhala duu, atafungatira kathumba ka ufa, sopo ndi kapaketi ka shuga. Awa ndi opita kukazonda m'bale wawo kundende yaikulu ya Zomba, ija inamangidwa mu 1935. Ukawafunsa za ulendo amangoti, "Tikukaona mwana," ngakhale mwanayo ali ndi imvi. Za mlandu umene unamutengera kumeneko sanena msanga, makamaka ukakhala wopha mkazi wake kapena mwamuna wake.

Mlandu wotere suli ngati wa chigawenga chothyola nyumba usiku. Chigawenga chimachokera kutali, ndipo chikagwidwa mudzi wonse umaima mbali imodzi. Wopha mnzake wa m'banja amachokera m'nyumba momwemo. Ankhoswe amamudziwa, anadyera mbale imodzi ndi alamu ake, analimako m'munda mwa apongozi. Kuno kuchigwa cha Phalombe, kumene ambiri ndife Alhomwe ndipo timakwatirana mwa chikamwini, mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Ndiye kuti magazi akakhetsedwa m'nyumbamo, akhetsedwa pakhomo pa eni mbumba. Ana amataya makolo onse awiri tsiku limodzi, wina kumanda wina kupolisi, ndipo otsala nawo ndi agogo amene mphamvu zinawathera kale ndi atsibweni amene ali ndi makomo awoawo.

Zaka zimapita, udzu umamera pamanda. Kenaka imafika mphekesera yakuti mlandu wa uja aubwereza. Kwawo kwa womangidwayo amayamba kuwerenga masiku. Kwawo kwa malemu amamva ngati wina watokosa chilonda. Mbali zonse ziwiri zimatchula liwu limodzi, apilo, ndipo zonse zimaganiza kuti tanthauzo lake n'lakuti munthuyo atuluka. Ena amawonjezera kuti ndalama zayenda. Chonsecho m'dziko muno muli njira ziwiri zosiyana zimene mlandu wakupha umabwererera pamaso pa oweruza. Ina ndi apilo yeniyeni, yotsutsa chigamulo chakuti munthu ndi wolakwa. Ina ndi kumvanso za chilango, kumene kulakwa sakukutsutsa koma akuyezanso kukula kwa chilango. Kuzisokoneza ziwirizi kwaliritsa mabanja ambiri pachabe, ndipo kwapatsa ena chiyembekezo chimene malamulo sanawalonjeze.

Apilo ndi ufulu umene uli m'gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino: aliyense wopezeka wolakwa angathe kupempha khoti lokulirapo kuti liunikenso zimene khoti loyamba linachita. Mlandu wakupha umazengedwa kubwalo lalikulu la High Court lokha, choncho apilo yake imapita ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre. Achikulire akukumbukira kuti sizinali choncho nthawi zonse. Kuyambira 1969 mpaka pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha, milandu yambiri yakupha inkazengedwa m'makhoti amakolo a m'zigawo, mmene loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu, ndipo apilo inkapita kukhoti lamakolo lomwelo la dziko lonse. Anthu ananyongedwa atadutsa njira imeneyo, mpaka 1992 pamene chingwe chinagwira ntchito komaliza. Ufulu wochita apilo pamaso pa majaji odziwa malamulo si kanthu kochepa ayi, ndipo amene amaunyoza sanaonepo m'bale wake akuweruzidwa popanda womulankhulira.

Koma apilo ili ndi khalidwe lake limene anthu akumudzi saliyembekeza. Majaji a apilo sazenganso mlandu. Kawirikawiri saitana mboni, saona nkhwangwa kapena chikwanje, safika pamalo pamene munthu anafera. Amawerenga failo: zimene mboni zinanena tsiku lija, chikalata cha dokotala amene anayeza mtembo, mawu amene woimbidwa mlandu anapereka kupolisi, ndi malangizo amene jaji anapereka kwa gulu la anthu wamba othandiza kugamula, pa zaka zimene milandu yakupha inkazengedwa ndi gulu lotere. Funso lawo ndi limodzi: kodi khoti loyamba linalakwitsa? Ngati jaji anaiwala kufotokoza za kudziteteza pamene umboni unkaloza kumeneko, ngati chivomerezo cha kupolisi chinalandiridwa mosasamala, ngati umboni sunafike pochotsa chikayiko, chigamulo chingathe kufafanizidwa, kapena kusinthidwa kukhala cha kupha mosakonzekera, kapena mlandu ungabwezedwe kuti ukazengedwenso. Ngati sanalakwitse, apilo imakanidwa, ndipo munthu amabwerera m'chipinda chimene anachokera.

Apilo yodziwika koposa pa nkhani imeneyi ndi ya Twoboy Jacob, amene anapezeka wolakwa pa mlandu wopha mkazi wake napatsidwa chilango cha imfa. Nthawi imeneyo jaji analibe chosankha. Gawo 210 la malamulo a milandu linkanena kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala aphedwe, kaya anapha pofuna chuma, kaya anapha pa ndewu ya pamowa, kaya anapha atazunzidwa zaka makumi awiri. Pa 27 Epulo 2007, majaji atatu a High Court, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake asanu, anagamula kuti chilango cha imfa chokakamiza chotere chikuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Patangopita miyezi yosakwana itatu, pa 19 Julayi 2007, Supreme Court of Appeal pogamula apilo ya Jacob inavomereza mfundo imeneyi, ponena kuti milandu yakupha imasiyana kwambiri, kotero si chilungamo kuti yonse ilandire chilango chimodzi. Mlandu wa mwamuna wopha mkazi wake ndi umene unakhomera msomali womaliza pa mfundo imene inadzatsegulira anthu ambiri chitseko. Ku Uganda zinayendanso chimodzimodzi: dzina limene lili pa chigamulo cha 2009 chothetsa chilango cha imfa chokakamiza ndi la Susan Kigula, mayi amene anamangidwa pa mlandu wopha mwamuna wake.

Pa ma apilo a milandu ya m'banja, liwu limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti kuputidwa. Magawo 213 ndi 214 a malamulo a milandu amanena kuti munthu akapha mnzake mtima uli wotentha chifukwa cha chipongwe kapena cholakwa chomugwera mwadzidzidzi, asanapeze mpata wakuti mtima uzizire, mlandu wake ndi wakupha mosakonzekera, osati mwadala. Chipongwecho chiyenera kukhala choti munthu wamba wa m'dera lomwelo akanalephera nacho kudzigwira, ndipo chimene wachitacho chiyenera kulingana ndi kukula kwa chipongwecho. Lamuloli lili ndi nzeru yake. Limazindikira kuti amene wanola chikwanje sabata yathunthu akudikira mpata si wofanana ndi amene watola mpini uli pafupi mkangano uli mkati.

Chimene chimandivutitsa n'chakuti lamuloli linasokedwa molingana ndi thupi la mwamuna. Mkwiyo wophulika nthawi yomweyo ndi wa munthu amene ali ndi mphamvu zobwezera pompo. Mwamuna amati anamupeza mkazi ndi wina, kapena anamunyoza za kuchipinda, kapena anamuuza kuti anyamule kathumba kake abwerere kwawo pakuti pano si pake. Mawu otsirizawa mkamwini aliyense amawadziwa kuwawa kwake, ndipo loya wochenjera angawaumbe kukhala kuputidwa. Pamenepo malemu, amene sangayankhe, amasanduka wozengedwa mlandu: khalidwe lake, pakamwa pake, kumene anapita dzulo lake. Koma mkazi amene wamenyedwa kuyambira chaka chimene analowa m'banja sabwezera pompo, chifukwa akudziwa kuti akatero afa. Mantha ake amaunjikana pang'onopang'ono ngati madzi a m'phiri la Michesi, amene anthu a kuno anaona mu Malichi 1991 zimene amachita akatopa kusungidwa. Tsiku limene waphulika, lamulo limafunsa kuti chipongwe chadzidzidzi chili kuti. Ku England anavutika nalo funso lomweli pa apilo ya Kiranjit Ahluwalia mu 1992, ndipo mu 2009 anachotseratu lamulo la kuputidwa, n'kuika lina limene limazindikira mantha a nkhanza zoopsa, komanso limene limakana kuti chigololo chokha chikhale chodzikhululukira. Ife tikadali ndi lakale lija.

Nkhani ya mayi Alice Nungu ikusonyeza malire a apilo bwino kuposa mmene ndingafotokozere. Inalembedwa mu lipoti la 2018 la akatswiri a payunivesite ya Cornell lonena za amayi oweruzidwa kuti aphedwe. Mayiwa anakhala zaka zambiri akumenyedwa ndi mwamuna wawo. Tsiku lina bamboyo anabwera ataledzera nayamba kuwamenya, mayi awo okalamba ali pomwepo, ndipo podziteteza anamutema ndi nkhwangwa, bamboyo n'kumwalira. Mu 2003 khoti linawaweruza kuti aphedwe. Za nkhanza za zaka zonsezo khoti silinazimve mokwanira, ndipo apilo sanachite, chifukwa panalibe loya amene anapatsidwa kuti awachitire. Ufulu unalipo pa pepala, koma iwo anakhala m'ndende zaka zoposa khumi osaukhudza.

Si iwo okha. Apilo imafuna zinthu zitatu zimene mlimi wa kwa Nazombe kapena kwa Nkhulambe sakhala nazo pafupi. Imafuna kuti chidziwitso chiperekedwe m'masiku owerengeka chigamulo chitangoperekedwa, pamene munthu akadali wosokonezeka ndipo abale ake sakudziwa khomo loyambira. Imafuna loya, ndipo ngakhale bungwe la Legal Aid Bureau linayamba ntchito mu 2015 kuti lithandize osauka, maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ili pamapewa awo. Koposa zonse imafuna failo. Khoti limene ntchito yake ndi kuwerenga silingachite kanthu ngati zowerengazo zasowa, ndipo mafailo a akaidi ambiri a zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 anasowa, ena onse, ena mbali yake. Komanso chimene sichinanenedwe pa mlandu woyamba sichipezeka m'failo ngakhale failoyo ilipo. Ngati loya anakumana ndi woimbidwa mlandu m'mawa wa tsiku lozenga mlandu, osafunsa za zipsera za pamsana, majaji a ku Blantyre sadzaziona zipserazo.

Njira yachiwiri inabadwa m'chigamulo cha Kafantayeni, koma inachedwa kuyenda. Mu 2010, pa mlandu wa McLemonce Yasini, Supreme Court of Appeal inanena kuti akaidi onse amene analandira chilango cha imfa chokakamiza ayenera kubwezedwa ku High Court kuti chilango chawo chikamvedwenso, ndi kuti udindo wowabweretsa ndi wa mkulu woimira boma pa milandu. Ngakhale zinatero, ntchito yeniyeni inayamba mu 2015 ku Zomba, mabungwe a Malawi Human Rights Commission, PASI, CHREAA, Legal Aid Bureau, Malawi Law Society ndi sukulu ya malamulo ya Chancellor College atagwirana manja ndi ofesi ya boma yozenga milandu, mothandizidwa ndi bungwe la Reprieve ndi yunivesite ya Cornell. Akaidi ena anali atamwalira akudikira.

Apa funso linali lina. Khoti silinkafunsa ngati jaji woyamba analakwitsa, koma kuti munthu ameneyu ndi ndani, anafika bwanji pa tsiku lija, ndipo zaka za m'ndende zamusandutsa wotani. Mayankho a mafunso otere sali m'failo, ali kumudzi. Choncho alangizi a zamalamulo anakwera njinga zamoto n'kulowa m'midzi, kukakhala pamphasa ndi amayi ake a mkaidi, anzake a paubwana, anyakwawa ndi magulupu, ndiponso, kumene kunatheka, abale a malemu. Anafunsa za njala imene anakuliramo, za khunyu kapena matenda a maganizo amene sanapimidwepo, za kumenyedwa, za msinkhu wake pa nthawi ya mlandu. Oyang'anira ndende anapereka umboni wa khalidwe lake. Odziwa za matenda a maganizo anayeza amene ankaoneka osokonezeka. Kusowa kwa failo, kumene kumapha apilo, kuno sikunatseke njira, pakuti majaji anaona kuti mkaidi sangalangidwe chifukwa cha pepala limene sanataye ndi iye.

Aliyense amene anakhalapo pabwalo la mfumu aizindikira njira imeneyi. Kwathu mlandu sitiuyamba pa tsiku la ndewu. Timafunsa kumene unachokera, ankhoswe anakhalirapo kangati, ndani anachenjeza ndani. Mwina n'chifukwa chake mafumu sanaione yachilendo. Akaidi oposa 150 anamvedwanso, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo oposa 100 anatuluka pakuti zaka zimene anakhala zinali zitakwana kale chilango chatsopano. Mu 2017 PASI ndi Cornell anafunsa mafumu 102 a m'midzi imene akaidi otere anabwererako, ndipo 94 mwa 100 alionse ananena kuti sagwirizana ndi chilango cha imfa pa mlandu wakupha. Awa ndi mafumu amene anaona ndi maso awo munthu amene ankamuwerengera kwa akufa akutenganso khasu. Tsidya linalo la malire, ku Mozambique, kumene ambiri a ife tili ndi abale, chilango chimenechi anachithetsa mu 1990.

Mayi Nungu anatulukira khomo lachiwirili, la kumvanso za chilango, mu 2015, khoti litamva zimene likanayenera kumva zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo. Anafika kwawo ali odwala, ndipo anamwalira patangopita masabata ochepa. Anafera pakati pa abale awo, ndipo chimenecho ndi chamtengo wapatali. Koma anamwalira dzina lawo likadali m'kaundula wa opha mwadala. Apa ndi pamene kumvanso za chilango kumalekezera. Kungathe kuchepetsa zaka, kungathe kutsegula chipata cha ndende tsiku lomwelo, koma sikungachotse mlandu. Munthu amene sanaphe, kapena amene anapha podziteteza, sakufuna chifundo ayi. Akufuna kuti dziko linene kuti linamulakwira, ndipo mawu amenewo amatuluka pa apilo pokha. Kusiyana kumeneku kumudzi n'kwakukulu, chifukwa ana ake adzakula akutchedwa ana a wakupha kapena ana a munthu amene ananamiziridwa. Ndiye kwa a kuchikazi amene amva kuti mkamwini uja watuluka, funso loyamba likhale lakuti watulukira khomo liti. Ngati ndi lachiwirili, boma silinanene kuti mwana wanu anafa yekha. Mlandu suola, ndipo uwu sunaole. Chimene chasintha ndi muyeso wa chilango.

Njira yachiwiriyi ili ndi pena pamene ingaterereke, ndipo pamenepo pakuonekera bwino kuno kwa ife a chikamwini. Tikati alangizi anapita kumudzi, tifunse kuti mudzi uti. Mkamwini ali ndi midzi iwiri: kumene anabadwira ndi kumene anakwatira. Kwawo amamukumbukira ngati mnyamata wofatsa amene ankakonda kuwedza ku Chilwa ndi kuthandiza amayi ake. Nyakwawa ya kumeneko idzanena ndi mtima wonse kuti abwere, malo alipo. Sakunama. Koma kukuwa kwa usiku sikunkamvekera kwawoko. Amene anakumva ndi a kumudzi wa mkazi, alongo ake amene anagumula chitseko, anyamata amene anakumba manda, agogo amene akulera ana. Umboni wochokera kumudzi umodzi wokha umatulutsa munthu wa theka. Pamene wophedwayo ndi mwamuna, zimatembenuka: anafera kuchikamwini, pakati pa abale a mkazi, ndipo abale ake, amene mwina ali kutali kwa Chiwalo kapena ku Mulanje, amangolandira uthenga wa maliro ndi nkhani imene eni mudzi agwirizana. Iwonso ayenera kufunidwa ndi kumvedwa.

Palinso nkhani ya ana, imene khoti la apilo siliifunsa ndipo khoti lomvanso chilango limangoikhudza. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Bambo amene anapha mayi wawo akatuluka amabwerera kwawo, koma ana ali kumudzi kumene iye sangapondeko mwachisawawa. Mwambo wathu uli ndi njira yosudzulira mwamuna amene mkazi wake wamwalira, koma njirayo inakonzedwera imfa ya matenda, osati iyi. Kodi adzawaona anawo? Ndani adzaperekeza? Kodi chipepeso chinaperekedwa, kapena mabanja awiriwa sanalankhulane chichokere kumanda? Chikalata chotulutsira mkaidi sichiyankha zimenezi. Zimatsalira ankhoswe aja, ngati akadali moyo, ndi mfumu.

Ndipo ankhoswewo, ndi ife tonse, tili ndi mlandu wathu umene sufika kukhoti lililonse. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Imfa ya m'banja kawirikawiri sigwa ngati mphezi. Imayamba ndi diso lotupa limene amati ndinagunda chitseko, ndi usiku umene anakagona kwa amayi ake n'kubwezedwa m'mawa ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo limalola khoti la majisitireti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Chimene chinalembedwa kumeneko mayi akadali moyo ndi chimene chimadzamulankhulira atamwalira, pamene wina akuuza khoti kuti anangoputidwa tsiku limodzi. Chimenenso chimadzalankhulira mayi amene watsala wamoyo ndi nkhwangwa m'manja. Zimene tinabisa m'nyumba poopa manyazi sizidzapezeka m'failo, ndipo pofika nthawi yakuti alangizi adzafunse, odziwa ena adzakhala atamwalira.

Ndikaziika pamodzi njira ziwirizi, sindinganene kuti ina ilowe m'malo mwa inzake, chifukwa sizichiza matenda amodzi. Koma pa milandu ya m'banja mtima wanga umapendekera ku yachiwiri. Choona cha imfa ya m'nyumba sichikhala pa mphindi imene mpini unatsika; chimakhala m'zaka zimene zinatsogolera ku mphindiyo, ndipo apilo, mwa chibadwa chake, imaona mphindiyo yokha monga inalembedwera. Kumva za chilango kumasiyanitsa mwamuna amene anamenya mkazi wake zaka khumi mpaka kumumaliza ndi mkazi amene anamenyedwa zaka khumi mpaka kubwezera, anthu awiri amene gawo 210 lakale linkawapachika pa chingwe chimodzi. Kusiyanitsako sikutanthauza kufewera onse. Kwa woyambayo, mbiri ya m'mbuyo ndi imene iyenera kukulitsa chilango.

Ubwino wake n'kuti masiku ano sitiyeneranso kudikira zaka khumi kuti mudzi umvedwe. Mu 2011 gawo 210 linasinthidwa kuti jaji akhale ndi mphamvu yosankha chilango, ndipo gawo 321J la malamulo a kazengedwe ka milandu, limene linalowa mu 2010, limalola khoti kulandira umboni lisanapereke chilango, kuphatikizapo wochokera kumbali ya wolakwiridwa. Chilango cha imfa chikadalipo m'malamulo athu. Mu Epulo 2021, pa apilo ya Charles Khoviwa ku Supreme Court of Appeal, zinamveka kuti chathetsedwa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji ena a khoti lomwelo anafotokoza kuti chimenecho sichinali chigamulo cha onse. Choncho tsiku lomva za chilango likadali tsiku la moyo ndi imfa, ndipo siliyenera kuthamangitsidwa ndi mawu awiri a loya akuti ndi koyamba kupalamula ndipo ali ndi ana. Ana amenewo ndi omwewo amene mayi wawo ali kumanda.

Kwa a ofesi yozenga milandu ya boma ndi a Legal Aid Bureau, pempho langa ndi ili: mlandu wopha mnzako wa m'banja ukamabwerera kukhoti, kaya pa apilo kaya pa chilango, tumizani uthenga kudzera kwa mfumu kumidzi yonse iwiri, m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, wonena tsiku, malo, ndi khomo limene mlanduwo ukulowera. Mayi amene anaika mwana wake asamve za kutuluka kwa mkamwini pa msika wa Migowi kapena wa Chiringa, atakumana naye maso ndi maso. Ndipo inu amwinimbumba ndi ankhoswe, mlongo wanu kapena mphwanu akabwera usiku akulira, musamubweze m'mawa musanapite naye kwa mfumu ndi kupolisi kuti zikalembedwe.